Mawu oti "jubilee": akutanthauza chani, anachokera kuti, timawagwiritsa ntchito bwanji? Mafunso ndi mayankho

Mawu awa timawamva kwambiri kutchalitchi, pa wailesi ikamayandikira 6 July ya chaka chapadera, olo pa zitenje zosindikiza zija zokhala ndi nkhope ya bambo mfumu pakati, mmunsi atalemba Silver Jubilee. Ambiri timangodziwa kuti ndi chisangalalo basi, kudya mpunga ndi kuvina. Sikulakwa, koma kumbuyo kwa mawuwa kuli nkhani yayitali kuposa mmene timaganizira. Awa ndi mafunso omwe anthu amakonda kufunsa.

Kodi jubilee ndi chani kwenikweni?

Pa Chingelezi cha masiku ano ndi chikondwerero chachikulu chokumbukira kuti chinthu chakwanitsa zaka zochuluka ndithu, makamaka 25, 50, 60 kapena 70. Chinthucho chitha kukhala ufumu wa munthu, ufulu wa dziko, sukulu, mpingo, unsembe, usisitere, nthawi zina banja. Palinso tanthauzo lina lotakasuka lomwe limangonena nyengo ya chisangalalo chachikulu cha gulu, popanda kuwerenga zaka, koma ili mulipeza kwambiri mmabuku akale ndi mu nyimbo, anthu pocheza salitchula kawirikawiri. Nde pali lachitatu lomwe ndi gwero la onsewa, chaka cha 50 cha mBaibulo chomwe akapolo ankayenera kumasulidwa, minda nkubwerera kwa eni ake.

Amatchulidwa bwanji? Ena amati jubili, ena jubile

Azungu eni ake amati JU-bi-lii, kumapetoko kumamveka "lii" osati "le". Ena amatsindika koyamba ena kumapeto, onse ali bwino. Kwathu kuno tinangofupikitsa kukhala jubili ndipo palibe vuto, mukamva wina akuti jubile musamuseke, kumeneko nkuyandikira Chifalansa ndi Chilatini komwe mawuwa anadutsa. Polemba mChingelezi ndi l mmodzi, ma e awiri kumapeto. Zitenje ndi ma banala ena amatuluka atalemba jubillee kapena jubelee, ndipo nsalu ikasindikizidwa mabelo ambirimbiri palibenso chokonza, mumangovala choncho.

Ndi Chingelezi chenicheni? Anachokera kuti?

Ayi, ndi obwereka, ndipo ayenda ulendo wautali. Chiyambi chake ndi Chiheberi, mawu oti yobel, omwe ndi nkhosa yamphongo kapena nyanga yake yomwe ankaiboola nkumaiimba ngati lipenga. Eya, nyanga ya nkhosa. Mawu omwewo akupezeka pa Yoswa 6 pomwe ansembe ankazungulira Yeriko akuliza malipenga a nyanga za nkhosa, komanso pa Eksodo 19 pa phiri la Sinai.

Kuchoka ku Chiheberi analowa mChigiriki, kenako mChilatini cha tchalitchi nkukhala jubilaeus, Afalansa akale anawatenga kukhala jubile, nde cha kumapeto kwa zaka za mma 1300 anatulukira mChingelezi. Akupezeka mBaibulo la Chingelezi la anthu a John Wycliffe la cha mma 1382, ndipo Geoffrey Chaucer yemwe anamwalira mu 1400 anawagwiritsa ntchito ponena za ma friar, abambo odzipereka mzipani za mpingo, omwe akwanitsa zaka 50 mchipani chawo. Ndekuti izi zoti wansembe kapena sisitere achite jubili sizadzulo ayi, zatha zaka zoposa 600 zili mChingelezi.

Nanga nyanga ya nkhosa ikugwirizana bwanji ndi chikondwerero?

Apa mpofunika kutsegula Levitiko 25, fukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Aisraeli anauzidwa kuti chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse nthaka ipume, osalima, osadzala, chaka cha sabata. Nde awerenge zaka za sabata zimenezi kasanu ndi kawiri, 7 kuchulukitsa ndi 7 ikukwana 49, ndipo pa tsiku la 10 la mwezi wa 7, lomwe ndi tsiku lachitetezero, alize lipenga dziko lonse kulengeza kuti chaka cha 50 ndi chopatulika. Dzina la lipengalo ndi lomwe linasanduka dzina la chaka. Nchifukwa chake mu Buku Lopatulika simupezamo jubili, mupezamo chaka choliza lipenga, omasulira aja anapita kugwero kwenikweni. Osati malipenga ovina a ku Nkhata Bay ayi, ili linali lipenga lolengeza lamulo.

Lipenga likalira pankachitika zinthu zitatu. Mwisraeli yemwe anadzigulitsa kwa mnzake fukwa cha umphawi ankamasuka iye ndi ana ake nkubwerera kwa abale ake. Munda womwe banja linagulitsa unkabwerera ku banjalo. Ndipo nthaka inkapumanso chaka chimenecho, anthu nkumadya zomera zokha.

Pa nkhani ya minda mpomwe pali nzeru yomwe ine imandisangalatsa kwambiri. Poti aliyense ankadziwa kuti munda udzabwerera, lamulo linati mtengo wake uziwerengedwa potengera zaka zomwe zatsala kuti lipenga lilire, zikatsala zambiri mtengo ukwere, zikatsala zochepa utsike, fukwa chomwe ukugula si nthaka koma zokolola za zaka zimenezo. Zili ngati mmene timachitira lendi dimba, umalipira nyengo zomwe ulimepo koma dimbalo silako. Chifukwa chake chalembedwa pa vesi 23, Mulungu akuti nthaka ndi yake, anthu ndi alendo chabe okhala naye, nde singagulitsidwe mpaka kalekale.

Koma sikuti zonse zinkabwerera. Nyumba ya mumzinda wa linga ukaigulitsa unali ndi chaka chimodzi chokha choti uiwombole, chikatha yapita basi, olo lipenga lilire. Nyumba za kumidzi yopanda linga zinkatengedwa ngati minda, zinkabwerera, za Alevi nazonso zinali ndi lamulo lakelake. Ndipo chomwe alaliki ambiri amachidumpha, akapolo ogulidwa kwa mitundu ina sankamasulidwa, mavesi 44 mpaka 46 akunena mosabisa kuti ankakhala chuma chosiyira ana. Nde tikamati chinali chaka cha ufulu tizidziwa kuti ufuluwo unali ndi malire.

Nde ngongole zonse zinkafafanizidwa chaka chimenecho eti?

Anthu ambiri amatero koma lamulo lokhululukira ngongole lili pena, pa Deuteronomo 15, ndipo linali la zaka 7 zilizonse osati 50. Levitiko 25 ikukamba za minda, nyumba, anthu odzigulitsa, komanso kuletsa katapila kwa mbale wako wosauka. Kungoti zinthuzi nzolumikizana, munthu sankagulitsa munda kapena kudzigulitsa yekha mwachisangalalo, inali ngongole ndi njala zomwe zamufikitsa pamenepo, nde munda ukabwerera iye nkumasuka ndekuti zotsatira za ngongoleyo zatha. Pakutha kwa nthawi anthu anangophatikiza malamulo awiriwa mmutu mwawo, mpaka lero azachuma ena akamati debt jubilee akunena kufafaniza ngongole za anthu ambiri kapena za mayiko nthawi imodzi.

Kodi Aisraeli ankachitadi zimenezi?

MBaibulo mulibe nkhani yofotokoza chaka choliza lipenga chikuchitika, muli lamulo lokha ndi malo angapo omwe akulitchula, monga Levitiko 27 ndi Numeri 36. Nkhani yoyandikira ili pa Yeremiya 34, pomwe mfumu Zedekiya ndi akuluakulu a mu Yerusalemu anamasula akapolo awo achiheberi adani atazinga mzinda, kenako zinthu zitayamba kuoneka bwino anawagwiranso nkuwabwezera muukapolo. Anthu a chuma sanasinthe mpaka lero.

Ganizo lake ndi lomwe silinafe. Yesaya 61 akukamba zolalikira kumasulidwa kwa amnsinga ndi chaka chokomera Yehova, ndipo ndi malemba omwewo omwe Yesu anawerenga msunagoge ku Nazarete pa Luka 4. Palinso buku lakale lachiyuda lomwe pa Chingelezi limatchedwa Jubilees, limafotokozanso mbiri ya mu Genesis poigawa mzigawo za zaka 49. MBaibulo lathu mulibe, koma mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia umaliwerenga ngati gawo la Baibulo lawo, ndipo buku lathunthu linasungika mchilankhulo chawo chakale cha Ge'ez.

Nanga jubilation ndi jubilant, ndi abale ake?

Amaoneka ngati a mimba imodzi koma ayi. Awiriwa akuchokera ku Chilatini chenicheni, jubilare, kufuula, kukuwa, kenako kufuula mwachimwemwe. Akwaya omwe anaimbapo za Chilatini akudziwa Jubilate Deo, mmene Salimo 100 limayambira. Zilibe chochita ndi nkhosa.

Chinachitika nchoti mawu achiheberi aja atalowa mChilatini anthu anamva kuti akufanana ndi jubilare, nde "yo" wa yobel anasanduka "ju", ndipo tanthauzo lachisangalalo linamatirira pomwepo. Chaka chomasula chinayamba kumveka ngati chaka chofuula. Ngati mukufuna kudziwa chifukwa chomwe lero jubilee imangotikumbutsa nthungululu osati kubweza minda, gawo lina ndi ngozi ya katchulidwe imeneyi.

Pogwiritsa ntchito musawasokoneze. Jubilant ndi mmene munthu alili, wosangalala kwambiri fukwa wapambana, monga masapota timu yawo ikatenga chikho. Jubilation ndi chisangalalocho, phokoso, kulumpha, kuimba mahutala mumsewu. Jubilee ndi mwambo wokonzedwa wokhala ndi deti ndi komiti. Flames itamenya Algeria 3-0 ku Angola mu 2010 kunali jubilation, sinali jubilee.

Silver, golden, diamond, platinum, zikuyenda bwanji?

Silver ndi zaka 25, golden ndi 50, diamond ndi 60, platinum ndi 70. Pakati apo pali ruby ya 40 ndi sapphire ya 65 koma izi sizimveka kawirikawiri. Pa diamond samalani fukwa mabungwe ena amaigwiritsa ntchito pa zaka 75, nde ndibwino kulemba nambala pambali anthu asamakangane. Zaka 100 ambiri satinso jubilee, amati centenary. Mwachitsanzo mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ya Mvera mu 1889, nde pomwe zinkakwanitsa zaka 100 mawu oyenera anali centenary.

Mukaona bwino, golden jubilee nkubwereza mawu, fukwa jubilee payokha poyamba inali 50 kale. Golden anawonjezera anthu atayamba kuchita majubili a zaka zina nkufuna kusiyanitsa.

Nchifukwa chani mawuwa amamveka kwambiri ndi mafumu a ku Britain?

Fukwa iwo ndi omwe anawatchukitsa kunja kwa tchalitchi, ndipo nthawi imeneyo ankalamulira gawo lalikulu la dziko lapansi nde mawu anafalikira limodzi ndi ulamuliro wawo. George III anachita yake mu October 1809 polowa chaka cha 50 pampando. Victoria yemwe analowa ufumu mu 1837 anachita golden mu 1887 ndi diamond mu 1897, ndipo ya 1897 inali yoonetsa mphamvu, asilikali ochokera mmayiko omwe Britain inkalamulira anaguba mu London. Nthawi imeneyo kuno kunali kale pansi pawo, dzina likadali British Central Africa Protectorate, la Nyasaland linabwera mu 1907. George V anachita silver mu 1935.

Koma katswiri wa majubili ndi Elizabeth II. Analowa ufumu pa 6 February 1952, silver mu 1977, golden mu 2002, diamond mu 2012, platinum mu 2022, woyamba mmbiri ya Britain kufika zaka 70 pampando. Zikondwerero za platinum zinachitika pa 2 mpaka 5 June, anthu kutseka misewu ya mmadera mwawo nkuyala matebulo panja kudyera limodzi, ndipo patangotha miyezi itatu pa 8 September mayiyo anamwalira.

Abale omwe ali ku London amakwera Jubilee line, sitima ya pansi panthaka ija yomwe pa mapu ili ndi mtundu wotuwa ngati siliva. Poyamba inkayenera kutchedwa Fleet line, anaisintha dzina fukwa cha silver jubilee ya 1977, kungoti ntchito inachedwa nde inatsegulidwa mu 1979 jubiliyo itadutsa kale. Azungunso amachedwa nazo ntchito za boma kkkk.

Nanga Akatolika akamati Chaka cha Jubili akutanthauza chani?

Chimenecho ndi Chaka Choyera, ndipo chili pafupi ndi tanthauzo la mBaibulo kusiyana ndi la mafumu, kungoti kumasulidwa kwake nkwauzimu. Anayambitsa ndi Papa Boniface VIII mu 1300, anthu miyandamiyanda atakhamukira ku Rome, ndipo iye ankafuna chizichitika zaka 100 zilizonse. Anthu anaona kuti nkutali, ambiri azibadwa mpaka kufa osachiona, nde Clement VI anatsitsa kufika pa 50 ndipo chinachitika mu 1350, Urban VI anayesa 33 potengera zaka za Yesu pansi pano, mpaka Paul II mu 1470 anakhazikitsa zaka 25 zomwe zikutsatidwa mpaka pano.

Chizindikiro chake chachikulu ndi Khomo Loyera. Matchalitchi akuluakulu anayi a ku Rome, la St Peter, St John Lateran, St Mary Major ndi St Paul Outside the Walls, lililonse lili ndi khomo lomwe limakhala lotseka, mkati mwake atamangamo khoma, limatsegulidwa chaka cha jubili chokha. Okhulupirira amadutsapo, kulapa, kulandira ukaristia, kupempherera zofuna za Papa, nkulandira chikhululukiro cha zilango za machimo chomwe pa Chingelezi amati indulgence.

Ambiri akukumbukira ya 2000 ya John Paul II yomwe inatchedwa Great Jubilee. Papa amathanso kuitanitsa yapadera osadikira zaka 25, ngati momwe anachitira Francis ndi Chaka cha Chifundo kuyambira December 2015 mpaka November 2016, ndipo apo anachita chinthu chomwe chinali chisanachitikepo, khomo loyamba analitsegula ku Africa, mu cathedral ya ku Bangui ku Central African Republic pa 29 November 2015, dziko lili pa nkhondo, asanatsegule la ku Rome. Ya 2025 mutu wake unali Pilgrims of Hope, amwendamnjira a chiyembekezo. Francis anaitsegula pa 24 December 2024, patatha masiku awiri anakatsegulanso khomo lina kundende ya Rebibbia, zomwe kwa ine zikuyandikira kwambiri Levitiko kuposa china chilichonse. Iye anamwalira pa 21 April 2025 chaka chili mkati, nde anadzatseka ndi Leo XIV pa 6 January 2026.

Jubilee 2000 inali chani? Ndinkaimva ndili mwana

Iyi ndi yomwe inatikhudza mthumba. Inali kampeni ya mipingo, mabungwe ndi anthu wamba mmayiko ambiri yofuna kuti pofika chaka cha 2000 mayiko olemera ndi mabanki ngati World Bank ndi IMF afafanize ngongole zomwe mayiko osauka sakanatha kubweza. Ganizo linayambira ku Britain, Martin Dent wa pa yunivesite ya Keele anali mmodzi mwa oyambitsa, Ann Pettifor nkudzaitsogolera, ndipo dzina analitenga dala ku Levitiko. Pa 16 May 1998 anthu pafupifupi 70,000 anagwirana manja kuzungulira pakati pa mzinda wa Birmingham pomwe atsogoleri a G8, gulu la mayiko 8 amphamvu pa chuma, ankakumana, ndipo chikalata chawo chinasainidwa ndi anthu oposa 20 miliyoni padziko lonse. Ku Zambia kunali Jubilee Zambia yomwe inkayendetsedwa kuchokera ku Jesuit Centre for Theological Reflection ku Lusaka.

Ndondomeko ya World Bank ndi IMF yochepetsera ngongole za mayiko osauka, yotchedwa HIPC, inalipo kale kuyambira 1996 koma inali yochedwa komanso youmira, phokoso la kampeniyi linathandiza kuti mu 1999 ku Cologne atsogoleri aja aikulitse, kenako mu 2005 ku Gleneagles anawonjezera zina. Zambia inamaliza ndondomekoyi mu 2005, Malawi mu 2006 nthawi ya Bingu wa Mutharika, nduna ya zachuma ali Goodall Gondwe, ndipo gawo lalikulu la ngongole yakunja linafafanizidwa. Sikuti zinabwera ulele ayi, panali zoti ukwaniritse kaye zambirimbiri, zina zowawa. Ndipo ngongole ili ndi khalidwe lobwerera, pofika November 2020 Zambia inalephera kulipira ngongole zake zina zakunja, nafenso nkhani ya ngongole ili pakamwa pa aliyense. Komabe pa majubili onse omwe tatchula apa, iyi ndi yomwe inayesa kuchita zomwe lipenga lija linkalengeza.

Kwathu kuno tachitapo majubili ati ngati dziko?

Ufulu tinalandira pa 6 July 1964, nde silver inali mu 1989 nthawi ya Kamuzu, golden mu 2014 Peter Mutharika atangolowa kumene mboma, diamond mu 2024. Ya 2024 inafika anthu misozi isanaume, fukwa pa 10 June ndege inagwa ku Chikangawa nkupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Anzathu a ku Zambia golden yawo inali pa 24 October 2014, mtsogoleri wawo Michael Sata ali kuchipatala ku London, ndipo anamwalira pa 28 October, patangodutsa masiku anayi.

Nthawi ya golden jubilee funso linali ponseponse, mma minibasi ndi pa Facebook, loti zaka 50 tikusangalalira chani. Ine ndimati funso limenelo silosokoneza mwambo, ndi lomwe likuyenerana ndi dzinalo, poti jubili yoyambirira inali nthawi yoona yemwe wataya munda ndi yemwe wakhala kapolo.

Koma majubili ochuluka kwathu ndi a mmipingo ndi msukulu. Parishi yakwanitsa zaka 50, bambo mfumu zaka 25 za unsembe, amayi a chigwirizano kapena a mvano akukumbukira zaka zawo, sekondale yakale ikuitana ana ake onse. Komiti, zopereka, chitenje, kwaya kukonzekera miyezi, ng'ombe kugwa. Mwini mwambo pa Chingelezi amatchedwa jubilarian, mawu omwe muwamva kwambiri kwa Akatolika.

Ndinamva kuti ku America ali ndi tanthauzo lina

Si lina kwenikweni, ndi lakale lija lomwe linakhalabe lamoyo. Akapolo achikuda a kumeneko ankamva Levitiko ikuwerengedwa ndipo sankafuna wowamasulira, kwa iwo jubilee linali tsiku lomwe adzamasulidwe, nde mawuwa anadzaza mu nyimbo zawo zauzimu. Pa 19 June 1865 asilikali atafika ku Galveston ku Texas nkulengeza kuti akapolo ndi mfulu, tsikulo linayamba kukumbukiridwa chaka ndi chaka ndipo limodzi mwa mayina ake oyambirira linali Jubilee Day. Lero limadziwika kuti Juneteenth, linakhala holide ya dziko lonse mu 2021.

Mu 1871 ophunzira a pa Fisk University ku Nashville, ambiri mwa iwo obadwira muukapolo, anayamba kuyenda akuimba kuti apeze ndalama zopulumutsira sukulu yawo yomwe inatsala pang'ono kutsekedwa. Anadzitcha Fisk Jubilee Singers, anafika mpaka ku Britain nkuimbira Victoria mu 1873, ndalama zomwe anapeza zinamanga Jubilee Hall yomwe ilipo mpaka lero, kwayanso ikadalipo. Olo belu lotchuka lija la ku Philadelphia, Liberty Bell, mawu olembedwa pamenepo ndi a pa Levitiko 25 vesi 10.

Ndingatchule birthday yanga kapena phwando wamba kuti jubilee?

Palibe akumangeni, koma zimveka zachilendo. Mwana wakwanitsa zaka 7 imeneyo ndi birthday basi. Sukulu yakwanitsa zaka 12 ndi anniversary. Lamulo losavuta ndi loti jubilee iliyonse yowerenga zaka ndi anniversary koma si anniversary iliyonse yomwe ndi jubilee. Munthu akakwanitsa zaka 50 zakubadwa, kuno ku Africa ndi ku India ambiri amati golden jubilee ndipo zinazolowereka, koma Mngelezi wa ku Britain angoti fiftieth birthday. Chimodzimodzi banja, iwo amakonda kunena silver wedding kapena golden wedding anniversary.

Pena mawuwa agwiritsidwapo ntchito popanda zaka zozungulira. Mu September 1769 katswiri wa zisudzo David Garrick anakonza Shakespeare Jubilee ku Stratford-upon-Avon, chaka chomwe sichinkagwirizana ndi kubadwa kapena kumwalira kwa Shakespeare, kunali kungofuna chikondwerero chachikulu basi. Mvula inavumba koopsa, mtsinje wa Avon unasefukira, zina zomwe anakonza zinalephereka.

Mchiganizo ndiwaika bwanji?

Ndi dzina, nde amayenda ndi mawu ngati celebrate kapena mark. Mutha kulemba kuti The parish will celebrate its golden jubilee in August, kapena The school marked its silver jubilee last year. Amathanso kukhala kutsogolo kwa dzina lina, jubilee year, jubilee Mass, jubilee committee. Chomwe simungachite nkuwasandutsa mneni, zoti we are jubileeing kulibe. Mneni jubilate alipo, ku West Africa amamugwiritsa ntchito kwambiri mmanyuzi, koma ku Britain amamveka wachikale. Zilembo zazikulu muziika pokhapokha mukutchula mwambo weniweni ngati dzina, monga the Platinum Jubilee, koma ponena wamba zing'onozing'ono zili bwino.

Mukamalemba kalata yoitanira anthu mChichewa palibe chokukakamizani kulemba Chingelezi, chikondwerero cha zaka 50 zamveka kale, agogo kumudzi samva golden. Ambiri amaphatikiza zonse, jubili ya zaka 25, ndipo zimamveka bwinobwino.

Nanga Jubilee Party, Jubilee Insurance, jubilee clip, zikukhudzana?

Zonse zinangobwereka dzina, zina pa chifukwa chooneka. Mgwirizano wa Jubilee wa Uhuru Kenyatta ndi William Ruto unapambana chisankho cha ku Kenya mu 2013, chaka chomwe dzikolo linkakwanitsa zaka 50 za ufulu, ndipo mu 2016 unasanduka chipani chimodzi. Kampani ya inshulansi ya Jubilee inayamba ku Mombasa mu 1937, dzina likuchokera ku golden jubilee ya Aga Khan III, mtsogoleri wa Asilamu a Ismaili, zomwe zikuonetsa kuti mawuwa anadutsa kale malire a Chiyuda ndi Chikhristu.

Jubilee clip nde ina, ngati munamvapo makaniki akuitchula. Ndi kachitsulo kozungulira kokhala ndi sikuluwu komwe amamangira paipi ya labala, ngati ya ku ladiyeta, kuti isadonthe. Jubilee ndi dzina la malonda la kampani ya L. Robinson ya ku Gillingham ku England yomwe inayamba kupanga timeneti mu 1921, nde dzinalo linakula mpaka ku Britain kachitsulo kalikonse kotero amangoti jubilee clip olo kapangidwe ndi kampani ina. Mukapita kogula ma sipeya a galimoto nkupeza wogulitsa sakulidziwa dzinalo, nenani hose clamp kapena muwaonetse kakale komwe kathyokako, ndipo muyeze kaye kukula kwa paipi fukwa timabwera mmasaizi osiyanasiyana.